Thyolo, Cholo ndi Kambalame ka m'Phiri

Mukakwera basi ku Limbe kulowera ku Thyolo, simulephera kumva wina akuloza minda yobiriwira ija n'kunena kuti, "Mwaonatu, n'chifukwa chake amati Thyolo. Anthu kuno amangokhalira kuthyola tiyi." Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma mbiri ikuikana.

Dzinali ndi la phiri, ndipo boma lonse linatengera pamenepo. Cha m'ma 1900, pamene Joseph Booth ankatsegula mishoni yake m'derali, mbewu ya azungu inali khofi. Tiyi anali atangoyamba kumera ku Mulanje, kumene Henry Brown anamubzala mu 1891. Esiteti ya Satemwa inabwera mu 1923. Dzina linalipo kale dengu la tiyi lisanakwere pamsana pa munthu.

Chimene atsamunda anachita ndi kulipotoza. Khutu la Mngelezi linamva aMang'anja akutchula phiri lawo, dzanja n'kulemba "Cholo", monga linalembera "Mlanje". Pena sankavutika n'kumvetsera komwe. Booth anatcha mishoni ija Plainfield, dzina la tauni ya ku New Jersey kumene kunkachokera thandizo lake. A Adventist ataigula mu 1902 anadzaisintha kukhala Malamulo. Nawo aLomwe amene anathawa ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique, n'kudzagwira thangata m'mindamu, analembedwa m'mabuku a boma kuti "Anguru", dzina limene eni ake ankaliona ngati chipongwe.

Ufulu wa 1964 utabwera, mapu anachapidwa. Port Herald inakhala Nsanje, Fort Johnston inakhala Mangochi, Cholo n'kukhala Thyolo. Koma pali pena pamene "Cholo" anakanirira. Mu 1927 katswiri wa mbalame, W. L. Sclater, anapatsa kambalame ka m'nkhalango za phirili dzina la chiLatini lakuti choloensis, kutanthauza "ka ku Cholo". Mpaka lero akatswiri a ku London kaya ku Tokyo amakatchula choncho. Kambalameko kali pangozi yotha, poti nkhalango yake anthu anaigwetsa posowa polima.

Apa ndiye pagona nkhani, abale anga. Kubweza zilembo n'kosavuta, kumangofuna inki. Malo aja abwino akadali m'manja mwa maesiteti, pamene mwana wa wothyola tiyi akulima pamtsetse wa phiri. Dzina tinalilanda, koma nthaka yomwe dzinalo likutchula tikungoiyang'anira pawindo la basi.