Zodyera za pa Mseu wa ku Rufunsa

Malo odyera ndi omwera a ku Rufunsa anabadwa ndi mseu. Kale Asoli a kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta sanali kugulitsa nsima. Mlendo anali kudya pabwalo pamodzi ndi eni mudzi, ndipo mowa unali wa dima ndi wa maliro.

Zinthu zinasintha pamene mlatho woyamba wa Luangwa unamangidwa mu 1932, ndi pamene Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935. Anthu a ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland anayamba kupyola kumeneko pofunafuna nchito. Mseuwo unali wa fumbi, ndipo mapiri a Manenekera anali oopsa, kotero kuti malole anali kuima kuti injini zizizire, ena nagona panjira. Apaulendo sakanatha kulowa m'midzi onse nthawi imodzi. Cotero akazi anaturutsa miphika yao kumseu, nagulitsa nsima, nkhuku, munkoyo ndi nsomba zouma. Akulu ena ayenera kuti anaipidwa poona cakudya cikusinthidwa ndi makobiri, koma ndalamazo zinalipira msonkho.

M'timisasa timeneti munali kumveka mbiri za malipiro a ku migodi, ndi za ndale zomwe. Munthu wosadziwa kuwerenga anali kuzimvera m'menemo.

Mlatho watsopano unatsegulidwa mu 1968, tala nathiridwa, ndipo mabasi anacepetsa poima. Malonda anaunjikana pa malo owerengeka, makamaka pa msika wa pamlathopo. Rufunsa anakhala boma paokha mu 2012.