MZINDA WA JERUSALEM M'MBIRI YA CISILAMU

Anthu ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi anayamba kumva dzina la Jerusalem m'chalichi, kapena pa sukulu za misyoni monga ya ku Nyanje. Cifukwa ca ici, ena amadabwa pakumva kuti Asilamu naonso amauyesa wopatulika mzinda umenewu. Koma ulemu wao pa Jerusalem si wa dzulo ai. Unayamba m'masiku a Mtumiki Muhammad mwini wace.

Cisilamu cinafika ku cigawo ca Kum'mawa makamaka ndi mitundu iwiri. Oyamba ndi Ayao a ku Nyanja ya Malawi, amene mafumu ao ena, monga Makanjira, analowa cipembedzoci m'zaka za m'ma 1870. Aciwiri ndi Amwenye a malonda ocokera ku Gujarat, amene anatsegula masitolo ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, nafalikira kufikira ku Katete. Onsewa anadza ndi Korani, ndiponso ndi Hadisi, ndiyo mbiri ya zimene Mtumiki ananena ndi kucita. Mabuku a Hadisi amene Asilamu ambiri amawakhulupirira koposa ndi awiri: la Bukhari, amene anamwalira m'caka ca 870, ndi la Muslim, amene anamwalira mu 875. M'mabukuwa muli nkhani zitatu zazikulu zonena za Jerusalem.

Yoyamba ndi ya ulendo wa usiku. Hadisi isimba kuti Mtumiki akali ku Mecca, anatengedwa usiku umodzi pa nyama yoyera, dzina lace Buraq, kunka ku Jerusalem. Kumeneko anakomana ndi aneneri akale, Ibrahim, Musa ndi Isa, amene Akristu amawachula Abrahamu, Mose ndi Yesu, nawatsogolera m'pemphero. Pambuyo pace anakwezedwa kumwamba, kumene analamulidwa mapemphero 50 tsiku liri lonse. Musa anamlangiza kuti abwerere kukapempha kuti acepetsedwe, pakuti anthu sadzakhoza, ndipo anacepa kufikira anatsala 5. Motero Msilamu wa ku Sinda akamaswali kasanu pa tsiku, atsata lamulo la usiku umenewo.

Yaciwiri ndi ya kibla, ndiko kumene munthu ayang'ana popemphera. Mtumiki atasamukira ku Medina m'caka ca 622, iye ndi omtsata anapemphera ciyang'anire ku Jerusalem miyezi 16 kapena 17, kufikira lamulo linadza lakuti ayang'ane ku Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Mecca. Bukhari asimba kuti uthengawo unapeza anthu a ku Quba ali pakati pa pemphero la mbanda kuca, ndipo anatembenuka pomwepo osalekeza pemphero. Kutembenukako kunali kwakukulu, pakuti munthu ali ku Medina, Jerusalem ali kumpoto ndipo Mecca ali kumwera. Ku Katete nkosiyana: mizinda yonse iwiri iri kumpoto, koma Mecca wapendekera pang'ono ca kum'mawa. Ndiko kumene mizikiti ya kuno imayang'ana, ndipo ndiko amalozetsa nkhope ya wakufa pomuika m'manda.

Yacitatu ndi ya maulendo. Mtumiki anaphunzitsa kuti mizikiti yoyenera kuimangira ulendo wa cipembedzo iripo itatu yokha: wa ku Mecca, wace wa ku Medina, ndi wa Al-Aqsa ku Jerusalem, dzina lotanthauza mzikiti wa kutali. Ulendo wa Haji, umene uli lamulo kwa Msilamu ali yense wokhoza, ndi wa ku Mecca kokha; koma wofika ku Al-Aqsa amayesedwa wodala.

Asilamu analandira mzindawu ca m'ma 638, m'masiku a Khalifa Umar, pamene mkulu wa Akristu, Sophronius, anaupereka mwa pangano. Mbiri yakale imati Umar anakana kupemphera m'chalichi ca pa manda a Yesu, kuopa kuti omtsata angadzacisandutse mzikiti. Ca m'ma 691 Khalifa Abd al-Malik anamanga nyumba ya denga lozungulira pamwamba pa thanthwe, pa phiri limene Ayuda amalilemekeza monga malo a Kacisi wao, ndipo nyumbayo iripo kufikira lero. Ankhondo acikristu a ku Ulaya analanda mzindawu mu 1099, ndipo Saladin anaubweza m'manja mwa Asilamu mu 1187. Pa nkhondo ya 1967 dziko la Israel linatenga mzinda wakalewo, koma za mzikiti wa Al-Aqsa zimayendetsedwabe ndi bungwe la Asilamu loyang'aniridwa ndi dziko la Jordan.

Ici ndico cifukwa cace mbiri ya ndeu pa phiri limenelo ikamveka pa wailesi, imakhudza Msilamu wa ku Katete amene sanaponde konse kumeneko. Imakhudzanso mnansi wace Mkristu, amene agula naye pa msika umodzi ndi kulira naye maliro. Onse awiri anaphunzira ali ana kuti m'mzinda umenewo munayenda aneneri, ndipo ali yense akadziwa cimene mnzace aukondera, sadzafulumira kumnyoza.