Zaka 15 za sukulu ya usiku

Mu Disembala 2003, Unduna wa Zamaphunziro ku Mozambique unatulutsa lamulo lotchedwa Despacho 39/GM/2003. Linkanena kuti mtsikana akapezeka ndi pakati achoke m'makalasi a masana, azikaphunzira usiku. Mnyamata womupatsa mimbayo, ngati anali wa pasukulu yomweyo, nayenso ankayenera kusamutsidwa, pomwe mphunzitsi ankayenera kuimitsidwa ntchito.

Papepala, chilango chinkagwera onse. Koma mimba imaoneka pa munthu mmodzi. Bambo wa mwanayo ankatha kukana, ndipo nkhani zambiri zinkathera kunyumba, makolo akagwirizana za ukwati kapena chindapusa. Wosamutsidwa anali mtsikana.

Amene amadziwa Lichinga angamvetse kulemera kwa mawu akuti "usiku". Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,300, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Kwa mtsikana woyembekezera wa ku Lulimile, kusamutsidwako kunkatanthauza kuyenda mumdima popita ndi pobwera, n'kukakhala m'kalasi la anthu akuluakulu. Kumidzi yopanda magetsi, sukulu ya usikuyo kunalibe n'komwe. Lamulo lofuna kuteteza ulemu wa sukulu linkakankhira mwana kumalo kumene angachitidwe nkhanza zina.

Mabungwe omenyera ufulu wa amayi ndi ana analitsutsa kwa zaka zambiri. Linathetsedwa mu Disembala 2018, nduna ili Conceita Sortane. Chaka chomwecho Lei 18/2018 inakakamiza mwana aliyense kuphunzira mpaka giredi 9, ndipo mu 2019 Lei 19/2019 inaletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, nkhani yaikulu ku Niassa, chimodzi mwa zigawo zomwe atsikana ambiri amakwatiwa ali aang'ono.

Pali mbali ina yomwe malamulowa sanaikhudze: chilankhulo. Kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri, kumene kunayesedwa m'Chinyanja ku Tete pansi pa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, kumathera kupulayimale. Kusekondale zonse ndi Chipwitikizi, kuphatikizapo malamulo oteteza mtsikanayo. Komatu mwana wochitidwa chipongwe safotokoza manyazi ake m'chilankhulo cha mayeso. Amayamba ndi mawu ozungulira a Chiyao kapena Chinyanja, monga "aphunzitsi akumandiitana", n'kudikira kuti aone ngati womvetserayo wamva. Ku Lulimile, aphunzitsi amene anazolowera kumva mawu otere m'kalasi ndi a kupulayimale, omwe mtsikanayo amasiyana nawo akamaliza giredi 6.