Thanthwe la Mulungushi ndi Malire a Mphamvu za Pulezidenti

Kumpoto kwa tawuni ya Kabwe kuli thanthwe la Mulungushi, pomwe andale a Zambia akhala akukumanirana kuyambira nthawi ya atsamunda. Pamenepa, mu April 1968, pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani ambiri a anthu akunja. Mawu a munthu mmodzi anatembenuza chuma cha dziko lonse, ndipo pofika December 1972 chipani chake cha UNIP chinatsala chokha chololedwa. Mbiri ya Kabwe imatiphunzitsa kuti mphamvu za pulezidenti zimakulabe mpaka anthu atakana, pakuti chipani chake sichimuletsa kawirikawiri.

Umboni wake uli pa thanthwe lomwelo. Mu April 2001 chipani cholamula cha MMD chinasonkhana pamenepo n'kusintha malamulo ake kuti pulezidenti Frederick Chiluba aimenso kachitatu. Amene anamuletsa anali kunja kwa msonkhanowo: mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi a mu Oasis Forum, aphungu okana kusintha malamulo a dziko, ndiponso anthu wamba ovala kansalu kobiriwira pachifuwa, akuliza mahutala a galimoto m'misewu ya Lusaka. Mu May Chiluba anagonja. Kaunda nayenso anavomera zipani zambiri mu 1990, anthu atachita zipolowe chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa.

Ena amati dziko losauka limafuna mtsogoleri wosamangidwa manja kuti chitukuko chifulumire. Mfundoyi si yopanda pake, poti sukulu, zipatala ndi University of Zambia zinamangidwa m'zaka zoyamba za Kaunda. Koma yunivesiteyo inatsegulidwa mu 1966, zipani zotsutsa zikanalipo. Ndipo mphamvu yosafunsidwa ili ngati mkwapulo: amene wausema lero, mawa umamukwapula uli m'manja mwa wina. Ndende ya Mukobeko ili ku Kabwe komweko. Kaunda, amene ankatsekera adani ake popanda kuwazenga mlandu, anatsekeredwamo mu December 1997. Hakainde Hichilema anagonamo mu 2017 pa mlandu woukira boma, wochokera pa nkhani yosapatukira mdipiti wa galimoto za pulezidenti Edgar Lungu, ndipo mu 2021 anthu anamusankha kukhala pulezidenti.

Choncho tisadikire kuti pampando pakhale munthu amene sitimufuna kuti tiyambe kuteteza makhoti, nyumba ya malamulo ndi malire a zaka zolamulira. Tiziteteze lero, ngakhale wolamulirayo ali wa chipani chathu.