Mbiri ya Ndege ya Hunter, ndi Kuuluka Kwache Kufupi ndi Nthaka

Mwa ndege za nkhondo zimene Angerezi anapanga itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ziri zowerengeka zimene asilikari oyendetsa ndege anazikonda monga anakondera ija yotchedwa Hunter, ndiko kunena Mlenje. Amene anaiyendetsa pa unyamata wao, angakhale pambuyo pache anakwera zina zaliwiro loposa, pokamba za iyo amachita ngati munthu wokumbuka bwenzi la pamtima. Amati inali yomvera: munthu akangokhudza ndodo yoongolera, iyo inkatembenuka pomwepo, yosakaniza. Tifuna tsono kulongosola mbiri yache, ndi kuona kumene chikondi chimenechi chinafikitsa ena a iwo, ndi anthu enanso amene sanakwerepo ndege chibadwire.

Mmisiri wache anali Sydney Camm wa kampani ya Hawker, yemweyo amene kale anapanga Hurricane, imene inathandiza kutchinjiriza Britain m'chaka cha 1940. Koma Hunter inali ya mtundu watsopano wotchedwa jeti. Inalibe chopukusa mphepo chija chozungulira pamphuno; injini ya jeti imameza mpweya kutsogolo, niutentha pamodzi ndi mafuta, niutulutsa kumbuyo mwamphamvu, ndipo mphamvu imeneyo ndiyo ikankha ndege. Mapiko ache anapendekera kumbuyo monga a namzeze. Inayamba kuuluka pa 20 Julayi 1951, woiyendetsa ali Neville Duke, ndipo zonse pamodzi zinapangidwa 1,972.

Isanalowe n'komwe m'manja mwa asilikari, inaonapo tsiku la maliro. Pa 6 Sepitembala 1952 khamu lalikulu linasonkhana ku Farnborough kudzaonerera ndege zatsopano. Ndege ina yotchedwa DH.110, imene John Derry anaiyendetsa, inaphwasuka m'mwamba pamaso pa anthu, ndipo injini yache inagwera oonerera amene anaima pa chitunda. Anafa oonerera 29, pamodzi ndi Derry ndi mnzache. Ovulala ali chinyamulire, Duke anakwera Hunter, nauluka kukatsiriza chionetsero. Ambiri anamtama kulimba mtima. Ife tiyesa kuti pamenepo paoneka kale mtima wa anthu a ntchito iyi, wosafuna kuti imfa iwaimitse, ingakhale imfa ya anthu ena. Boma linaika malamulo kuti ndege zionetsedwe patali ndi khamu, ndipo kwa zaka zoposa 60 sikunafenso woonerera pa zionetsero za m'dzikomo.

Chaka chotsatira, pa 7 Sepitembala 1953, Duke ananyamuka pa bwalo la Tangmere ndi Hunter yopakidwa utoto wofiira, nauluka pamwamba pa nyanja, kufupi ndi madzi, m'mbali mwa gombe la Littlehampton, nafika liwiro la mailosi 727 pa ola, loposa lonse lolembedwa kufikira tsikulo. Ndiwo mailosi 12 pa mphindi imodzi, ulendo umene munthu wa miyendo auyenda theka la tsiku. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zoyamba kupatsidwa kwa asilikari mu 1954 zinanyamula mafuta ochepa, ndipo poomba mfuti zache zinai utsi unkatsamwitsa injini. Pa 8 Febuluwale 1956 ndege 8 zinanyamuka ku West Raynham, nkhungu niiphimba dziko. Ziwiri zokha zinatera bwino, 6 zinagwa mafuta atatha, ndipo woyendetsa mmodzi anafa. Amisiri anakonza zolakwazi, kotero kuti mu 1958 gulu lotchedwa Black Arrows linakhoza kuzunguza Hunter 22 pamodzi m'mwamba, kukwera, kutembenuka chagada, ndi kutsikanso monga mkombero wa njinga.

Tisayese kuti kuuluka pansi ndiko kudzitama kokha. Adani ali ndi makina otchedwa radar, oona ndege ikali kutali; koma ndege yokwawa m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri makinawo saiona msanga, ndipo ifika anthu asanathawe. Chifukwa chache asilikari amaphunzitsidwa kuulukira kufupi ndi nsonga za mitengo. Za ichi anansi athu ali mboni. M'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland boma linagula Hunter 12, zimene zinafika mu 1962 ndi 1963. Chitaganya chitatha, zinatsalira Southern Rhodesia. Ndege za mtundu umenewu zinaponya mabomba pa misasa ya omenyera ufulu ku Chimoio ndi ku Tembue m'dziko la Mozambique mu Novembala 1977, ndi ku Chikumbi kufupi ndi Lusaka pa 19 Okutobala 1978, nafa anthu ambiri ndithu. Amene anapulumuka kumeneko sakumbuka kukongola kwa mapiko ache.

Koma luso lophunziridwa chifukwa cha nkhondo munthu salisiya pa bwalo m'masiku a mtendere. Pa 1 Epulo 1968 gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Britain, Royal Air Force, linakwanitsa zaka 50. Boma la Harold Wilson, limene linalikuchepetsa ndalama za asilikari, silinakonze kuti ndege ziuluke pamwamba pa London kukondwerera tsikulo, ndipo ichi chinawawa mtima wa msilikari wina, Alan Pollock. Pa 5 Epulo, pobwerera ndi anzache kuchokera ku Tangmere, anapatuka yekha wopanda chilolezo, nalunjika ku London. Anazungulira Nyumba ya Malamulo katatu, phokoso la injini liri kugwedeza mazenera. Napendeketsa mapiko pa chipilala chokumbukira oyendetsa ndege amene anafa pa nkhondo. Natsata mtsinje wa Thames kunka kumunsi.

Pamenepo patsogolo pache panaima mlatho wa Tower Bridge. Mlatho umenewu uli ndi nsanja ziwiri zotalikirana mapazi 200. Pansi pali mseu wa magalimoto, pamwamba pali kanjira kolumikiza nsanjazo, ndipo pakati patsala mpata wonga khomo lalikulu. Pollock analowa pa khomo limenelo, natulukira kuseri, wosakhudza kanthu; ndiye woyamba kupyola pamenepo ndi jeti. Atatera ku West Raynham anamangidwa, koma mlandu sunazengedwe: anamchotsa ntchito ponena kuti adwala, ndipo ambiri amati akulu anaopa kuti pa bwalo la milandu akadanena poyera zodandaula zache. Anthu ochuluka anamuyesa ngwazi. Ifenso sitikana luso lache, ndipo dandaulo lache lingakhale linali ndi chifukwa. Koma unali usana, ndipo pa mlathopo panali kupita magalimoto ndi anthu. Ndege youluka mailosi 400 pa ola ipita mapazi pafupifupi 600 munthu asanatsirize kuphethira kawiri. Dzanja likanthunthumira pang'ono, palibe nthawi yokonza. Pollock anaika moyo wache pa chiswe mwa kufuna kwache, koma aja a pa mlatho palibe anawafunsa.

Zaka zinapita, Hunter niikalamba. Switzerland anaisiya mu 1994, ndipo zina zinagulidwa ndi anthu wamba, amene ankazionetsa pa masiku a chikondwerero. Pa 22 Ogasiti 2015 kunali chionetsero ku Shoreham, pa gombe lomwelo la Sussex, mailosi owerengeka kum'mawa kwa kumene Duke anathamangira. Hunter yopangidwa mu 1955 inafika kudzazungulira mkombero uja. Ofufuza a boma, m'kalata yao ya 2017, anapeza kuti woyendetsa anauyamba ali pansi kwambiri ndi liwiro losakwanira. Pamwamba pa mkomberowo anafika mapazi ngati 2,700, pamene panafunika 3,500, ndipo sanaleke, ingakhale njira yolekera inalipo. Potsika thambo linamthera, ndege niigwera mseu waukulu wa A27, pamene magalimoto anali pa mzere.

Anafa amuna 11. Awiri anali anyamata osewera mpira, opita ku masewera a tsikulo. Wina anali mkulu woyendetsa galimoto ya ukwati, alikunka kukatenga mkwatibwi. Woyendetsa ndegeyo anaponyedwa kunja, navulala kolimba, koma anachira. Mu Malichi 2019 bwalo la Old Bailey linampeza wosalakwa pa mlandu wakupha anthu mwa kusasamala, oimira iye atanena kuti nzeru zinamsokonekera m'mwambamo; koma mu Disembala 2022 woweruza wofufuza za imfa anagamula kuti anthu 11 aja anaphedwa mosaloleka ndi lamulo. Ngoziyo itangochitika, akulu oyang'anira za ndege anaimitsa Hunter zonse za anthu wamba, naletsa ndege zakale za jeti kudzigudubuza pa zionetsero za pamtunda. Mu 2017 Hunter inaloledwanso kuuluka. Ija yofiira ya Neville Duke isungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Tangmere, ndipo anthu amapita kukaiona.