Kabokosi ka ku Kingswood Warren

Wokonza pologalamu pa wailesi samva mau a woyimba mwachindunji. Iye amamva zimene sipika ya mu situdiyo yamuuza, ndipo sipikayo ikanama, bodza lake limakafika m'nyumba za omvera onse. Ikamakometsa besi, iye amachepetsa besi imene inali bwinobwino kale, tsono kwaya ya amuna ndi akazi imatuluka yowonda ngati ya ana a sukulu okhaokha.

Vuto limeneli linkasautsa bungwe la BBC ku Britain, makamaka m'magalimoto ojambulira mapologalamu kunja kwa situdiyo, monga ku tchalitchi kapena ku bwalo la mpira. M'galimoto zotere malo ndi ochepa zedi, kotero kuti sipika yaikulu siingalowemo. Yankho linachokera ku Kingswood Warren, m'chigawo cha Surrey, kumene kunali akatswiri ofufuza a bungweli. Iwowa ankamanga timasitudiyo tongoyerekeza, tochepa kasanu ndi katatu kuyerekeza ndi situdiyo yeniyeni, kuti adziwe m'mene chipinda chidzamvekere ndalama zomangira zisanaonongeke. Timasipika timene anapangira ntchito imeneyo tinamveka bwino modabwitsa, ndipo kuchokera pamenepo anakonza sipika yotchedwa LS3/5. Nambala 3 inkasonyeza kuti ndi yogwiritsa ntchito kunja kwa situdiyo.

Atangopanga zowerengeka, anapeza kuti kampani ya KEF, imene inkawagulitsa zida ziwiri zotulutsa mau, B110 ya besi ndi T27 ya nthetemya, yasintha kapangidwe ka zidazo. Mau nawo anasintha. Akatswiriwo anayambanso ntchito, ndipo pofika chaka cha 1975 kunabadwa LS3/5A. Mmodzi wa akuluakulu pa ntchitoyi anali Dudley Harwood.

Kabokosi kake nkakang'ono: masentimita 31 msinkhu, 19 m'lifupi. Chodabwitsa chili pa matabwa ake. Amisiri ambiri amaganiza kuti bokosi la sipika liyenera kukhala lochindikala ndi lolemera, koma a BBC anasankha matabwa opyapyala, a mamilimita 12 okha, nawamata phula m'kati. Wosema ng'oma amafuna kuti mtengo ulire pamodzi ndi chikopa. Mmisiri wa sipika amafuna zosiyana ndi zimenezo, kuti mtengo ukhale chete. Popeza palibe thabwa losanjenjemera konse, iwo anaona kuti thabwa lochindikala limalira pa mlingo womwewo wa mau a munthu, pamene khutu limamva msanga chilema chilichonse. Thabwa lopyapyala limalira pansi, ndipo phula limazimitsa kulirako kusanapite patali. Nchifukwa chake munthu wowerenga nkhani amamveka m'kabokosika ngati wakhala pa mpando m'chipinda momwemo.

Zofooka zinalipo, ndipo okonda sipikayi amazibisa kawirikawiri. Siifika pa besi yakuya ya ng'oma yaikulu kapena limba la m'tchalitchi. Okonza anakweza pang'ono besi ya pamwamba kuti khutu liganize kuti yakuyayo ilipo, ndipo kumeneko nkunyenga ndithu, ngakhale kuli kwa ulemu. Siifuulanso, woika pa ukwati angaiphe usiku umodzi.

BBC siinkagulitsa masipikawa yokha. Inkapereka chilolezo ku makampani monga Rogers, Chartwell, Spendor ndi Harbeth, ndi lamulo lolimba lakuti sipika iliyonse imveke chimodzimodzi ndi inzake. Makampani awiri omalizawa anayambitsidwa ndi anthu ochokera ku BBC komweko. Spencer Hughes analumikiza dzina lake ndi la mkazi wake Dorothy napeza Spendor, ndipo Harwood, pokhazikitsa Harbeth mu 1977, anachita chimodzimodzi ndi dzina la Elizabeth.

Itachoka m'galimoto kulowa m'nyumba za anthu, sipikayi inaonetsa poyera chinthu chimene akatswiri ankachidziwa kale, chakuti chipinda nacho chimayimba. Mau a besi amafalikira mbali zonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Sipika ikagunda khoma, khomalo limabweza besi nkuiwonjeza pa imene ikupita kwa womvera. Pa ngodya, pamene makoma awiri akumana ndi pansi, kuwonjezako kumanyanya. Paul Klipsch wa ku Arkansas anapezerapo mwayi pa zimenezi mu 1946 popanga Klipschorn, sipika yoti iziyima pa ngodya penipeni kuti makoma a nyumba aithandize. Koma LS3/5A, imene besi yake inakwezedwa kale, ikaikidwa pa ngodya imangoti gu gu gu, mau a munthu nkumira. Imafuna kukwezedwa pa choimikira cholimba, kutali pang'ono ndi khoma, chida cha nthetemya chili pa msinkhu wa makutu, pakuti mau a nthetemya amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Masipika awiri ndi womvera akhale ngati mafuwa atatu otalikirana mofanana. Pamenepo mpamene sitiriyo, imene Alan Blumlein wa kampani ya EMI anailembetsa mu 1931, imachita ntchito yake: woyimba amamveka ali pakati, pamalo pamene palibe sipika. Ngakhale nsalu ya kumaso kwake inawerengeredwa pokonza mau, kotero woichotsa kuti aonetse alendo zida zake amasintha nthetemya osadziwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zida za KEF zinayambanso kupatuka pa muyezo, ndipo BBC inasintha mawaya ogawa mau a m'kati, nitsitsa sipikayi kuchoka pa ma ohm 15 kufika pa 11. Cholinga chinali chakuti zatsopano zimveke ngati zakale. Komabe ogula a ku Japan ndi Hong Kong, kumene zipinda zing'onozing'ono zinaikonda kwambiri, anapitiriza kusakasaka za ma ohm 15, nalipira ndalama zochuluka pa timabokosi takale timene poyamba tinakonzedwa kuti tizigwedezeka m'galimoto za ntchito.