Mbiri ya kope lodziunikira m'sukulu za ku Nkaya ndi madera oyandikana nawo

Kope lodziunikira ndi buku limene wophunzira amalembamo zimene zamuchitikira pa tsiku, chimene chachititsa kuti ziyende motero, ndi chimene akufuna kusintha mawa lake. Limasiyana ndi kope la notsi, popeza mwa notsi mumalowa mawu a mphunzitsi, pamene umu mumalowa maganizo a mwini kope. M'sukulu za ku Nkaya, m'boma la Balaka, ndi za kutsidya kwa Shire ku Machinga, amene amasunga kope lotere kawirikawiri ndi aphunzitsi amene akadali pa maphunziro a ntchito yawo. Chizolowezi cholemba za tsiku ndi tsiku sichinayambe ndi iwo, ndipo pachiyambi cholinga chake chinali china.

Oyamba kulemba zochitika za tsiku m'chigwa cha Shire anali alendo. David Livingstone, amene anayenda motsata mtsinjewu mpaka kufika ku nyanja ya Malawi mu September 1859, ankalemba m'timabuku ta m'thumba ali pa ulendo, kenako n'kumakopera m'buku lalikulu akapeza mpata. Ansembe a White Fathers amene anakhala kwa Mponda, ku Mangochi, kuyambira 1889 mpaka 1891 anasiya buku la zochitika pa mishoni yawo, ndipo akatswiri a mbiri amaligwiritsabe ntchito. Kusunga buku lotere kunali chizolowezi pa mishoni zambiri za nthawi imeneyo. Ankalembamo za mvula, matenda, alendo, milandu ya mafumu ndi chiwerengero cha ana a sukulu, ndipo amene ankaliwerenga anali akuluakulu a mpingo.

Mwana wa sukulu analibe gawo m'zolembazi. Sukulu za m'midzi zinkadalira sileti, ndipo zolembedwa pa sileti zinkafufutidwa phunziro lina likayamba. Pepala linali losowa. Kuganizira zimene munthu wachita kunalipo ndithu, koma kunkachitika pakamwa: pa bwalo, kumphala, kapena madzulo pamene akulu ankafunsa ana za tsiku lawo n'kuwalangiza.

Buku loyamba la mtundu umenewu kulowa m'sukulu linali logibuku ya mphunzitsi wamkulu. Ku England, malamulo a maphunziro a 1862 anakakamiza sukulu zolandira thandizo la boma kuti zizisunga logibuku, ndipo mwambowu unafika ku Nyasaland pamodzi ndi kayendetsedwe ka maphunziro ka Angelezi. Komiti yofufuza za maphunziro ya Phelps-Stokes itayendera dzikoli mu 1924, boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi kuti iziphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi. Kuyendera kunafuna zolemba. Woyendera akafika ankafuna kuona kaundula wa ana, ndondomeko ya maphunziro ndi logibuku. Logibukuyo inkagwira ntchito ngati buku la pa siteshoni ya Nkaya, pamene njanji yochokera ku Limbe kupita ku Salima, imene inatha mu 1935, imakumana ndi ya ku Nayuchi ya 1970: limanena kuti sitima yadutsa nthawi yakuti, ndipo likatero latha ntchito. Mphunzitsi ankalemba kuti ana abwera angati, denga lasasuka ndi mphepo, woyendera wafika. Zoti phunziro lalephereka chifukwa cha iye mwini sakanazilemba m'buku limene bwana wake adzawerenge.

Ganizo loti kulemba kungathandize wolembayo kuphunzira linachokera kwina. John Dewey, wa ku America, m'buku lake la 1910 lotchedwa How We Think, anaphunzitsa kuti munthu amaphunzira akabwerera m'maganizo pa zimene wachita n'kuzifunsa mafunso. Donald Schön anapitiriza nkhaniyi mu 1983, polemba za anthu a ntchito amene amaganiza ntchito ili m'manja ndiponso ikatha. Mu 1988 Graham Gibbs anakonza ndondomeko ya mafunso otsatizana, kuyambira pa chimene chachitika mpaka pa chimene munthu adzachite ulendo wina. Makoleji a aphunzitsi ndi a anamwino m'mayiko ambiri anatengera njira zimenezi.

Ku Malawi chimene chinatsegula khomo ndi vuto la 1994. Boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo linalemba aphunzitsi masauzande ambiri amene sanapite ku koleji. Ndondomeko ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inkayamba ndi kuwasunga ku koleji miyezi itatu yokha. Miyezi pafupifupi makumi awiri yotsatira ankaithera m'kalasi, akuphunzira okha kuchokera m'mabuku ndi kukumana ndi anzawo m'zoni. Mphunzitsi wa sukulu yakutali ndi msewu, monga zambiri za kufupi ndi Nkaya ndi Utale, ankatha nthawi yaitali osaonana ndi womuphunzitsa. Woyang'anira akasowa, pamafunika kuti munthu adziyang'anire yekha, ndipo apa m'pamene kudziunika kunapeza malo. Kagawo kakumapeto kwa pulani ya phunziro, pamene mphunzitsi amalemba mmene phunziro layendera, kanayamba kuonedwa ngati kofunika.

Mu 2005 kunabwera ndondomeko ya IPTE, ya chaka chimodzi ku koleji ndi chaka china ku sukulu. Ophunzira ntchito ya uphunzitsi anayamba kusunga buku lotchedwa School Experience Journal, momwe amalembamo zimene aona ndi kuchita pa sukulu imene atumizidwa, mothandizidwa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito amene amawalangiza. Malawi Institute of Education ya ku Domasi itakonzanso silabasi mu 2017, zaka ziwirizi zinagawidwa patatu: matemu awiri ku koleji, awiri ku sukulu, ndi awiri omaliza ku koleji. Cholinga chimodzi cha kubwererako n'choti wophunzira akaunike zimene wakumana nazo m'kalasi. Koleji ya aphunzitsi ya Machinga, pafupi ndi Liwonde, inayamba kutsata ndondomeko imeneyi.

Kalembedwe kake kali ndi njira zingapo. Yofala kwambiri ndi yolemba phunziro likangotha: tsiku, kalasi, chimene chayenda bwino, chimene chavuta, ndi chimene chidzasinthe. Ena amasankha chochitika chimodzi chokha, monga mwana amene wakana kuyankha kapena gulu limene lasokonekera, n'kuchifufuza mpaka apeze gwero lake. Njira imeneyi imapindulitsa kuposa kulemba za tsiku lonse, chifukwa kalasi ya ana oposa zana ili ndi zochitika zambiri zoti munthu wotopa sangazikwanitse. Ena amatsata mwana mmodzi kwa temu yonse. M'dera limene ana ambiri amalankhula Chiyao kwawo, n'kudzapeza Chichewa ndi Chingelezi ku sukulu, zolemba zotere zimaonetsa msanga ngati vuto lili pa masamu kapena pa chiyankhulo. Palinso kulemberana, pamene mlangizi amayankha m'mbali mwa tsamba ndi funso m'malo mwa malikisi.

Zovuta zake n'zodziwika. Mphunzitsi wophunzira amayenera kulemba mapulani a tsiku lotsatira ndi kuchonga makope, nthawi zambiri ndi tochi ya foni, ndipo kope lodziunikira limatsala kumapeto. Ena amalidzaza masamba ambiri usiku umodzi akamva kuti aphunzitsi a ku koleji akubwera. Kulemba m'Chingelezi kumachititsanso kuti ziganizo zikhale zazifupi ndi zobwerezabwereza, monga kungoti phunziro layenda bwino ndipo ana anasangalala.

Vuto lalikulu ndi lochokera ku mbiri yomweyi. Buku limene linabadwa kuti bwana aone likadali ndi fungo la bwana, ndipo wophunzira amene akudziwa kuti zolemba zake zichongedwa amabisa zimene zamukanika, chonsecho n'zimene zikanamuphunzitsa. Kope limakhala loona pamene mlangizi amayamikira wolemba kuti phunziro lake lagwa, n'kukhala naye pansi kufufuza chifukwa. Kwa ana a pulayimale ndi sekondale, chizolowezichi chikadali chosowa, popeza mayeso a MANEB safunsa za kope lotere, ndipo makolo amene agula kope movutikira amafuna kuti lidzaze notsi.